Kachilombo m'foni ndi m'kompyuta: kabuku ka mabanja a m'makomboni a Lusaka

M'nyumba zambiri za ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndalama ya lendi, ya chilimba ndi ya sukulu ya ana imadutsa m'foni imodzi. Foni yomweyo ndi imene mwana amaseweretsa magemu madzulo, imasiyidwa ku babashopu kuti itchajidwe magetsi akathima, ndipo mlamu akabwera amaibwereka kuti atumizirepo nyimbo. Kabuku kano ndi ka mabanja otere, komanso ka amene ali ndi laputopu yakale ya mwana wasukulu kapena kabizinesi kotaipa ndi kusindikiza makalata.

Mafoni a Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung amene ali m'matumba mwathu amayendera Android, ndipo Android inamangidwa pa Linux. Mwina munamvapo anyamata okonza makompyuta akunena kuti Linux sigwidwa vairasi. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma amagonetsa anthu tulo. Android ndi Linux zinamangidwa molimba ndithu, moti kachilombo sikalowa mwachisawawa. Nthawi zambiri kamalowa chifukwa mwini foni wakatsegulira ndi chala chake, atanyengedwa. Choncho chitetezo chachikulu chili m'chizolowezi cha anthu a pakhomo, ndipo sichifuna ngakhale ngwee imodzi.

Mmene Android ndi Linux zinamangidwira

Kompyuta iliyonse, kuphatikizapo foni, ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Ya Windows ndi yotseka: malamulo ake amkati amasungidwa ndi kampani ya Microsoft. Ya Linux, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndi yotseguka. Aliyense wodziwa ntchitoyi angathe kuiwerenga, kuikonza ndi kuigawa kwaulere. Google inatenga mtima wa Linux n'kumangapo Android, ndipo foni yoyamba ya Android inagulitsidwa mu 2008.

Ubwino wa kutseguka ndi woti maso ambiri amayang'ana, ndipo chibowo chikaoneka chimatsekedwa msanga. Mu Malichi 2024 katswiri wina, Andres Freund, anadabwa kuti kompyuta yake ikuchedwa pang'ono polowa. Atafufuza anapeza kuti munthu wina anabisa khomo lachinsinsi m'kapulogalamu kotchedwa XZ Utils, kamene kali m'makompyuta ambiri a Linux. Anachenjeza anzake zisanafalikire kwa anthu wamba. Nkhani yomweyi ikutiuzanso kuti akuba nawonso amawerenga, ndipo amadziwa kudikira.

Mkati mwa Android zinthu zinakonzedwa ngati mdadada wa zipinda za lendi. Pulogalamu iliyonse ili ndi chipinda chake ndi kiyi wake, ndipo singalowe kwa inzake. Ikafuna kuwerenga mauthenga anu, kuona manambala a abale anu kapena kumvetsera pa maikolofoni, iyenera kupempha kwa landilodi, amene ndi inuyo. Funso lija limatulukira pa sikirini, lokhala ndi Allow ndi Deny, ndiko kupemphako. Ambiri timangodina Allow kuti funsolo lichoke, ndipo apa ndi pamene makiyi amaperekedwa kwa mlendo.

Njira zimene kachilombo kamadzera

Njira yaikulu kuno kwathu ndi mapulogalamu opatsana. Bandulo ndi yodula, ndiye mnzanu akakhala ndi pulogalamu yoonera mpira kapena mafilimu, mumangotsegula Xender kapena Bluetooth n'kukoka. Fayilo imene mwalandirayo dzina lake limathera ndi .apk. Palibe amene angakuuzeni kumene inachokera poyamba ndiponso manja amene inadutsamo. Mnzanuyo alibe mtima woipa, naye anangopatsidwa.

Pa mapulogalamu onse otere, owopsa kwambiri ndi ma WhatsApp osinthidwa: GB WhatsApp, FMWhatsApp, YoWhatsApp ndi anzake. Anthu amawakonda chifukwa amaonetsa uthenga wofufutidwa ndiponso amabisa kuti muli pa intaneti. Mu 2021 akatswiri a Kaspersky anapeza kachilombo kotchedwa Triada mkati mwa FMWhatsApp, ndipo mu 2022 anakapezanso mu YoWhatsApp. Triada imatha kukulembetsani ku zinthu zolipira inu osadziwa, kuwerenga ma SMS, ndi kuitana tizilombo tina. Taganizani: pulogalamu yotumizira mauthenga imapempha chilolezo cha manambala, zithunzi, kamera ndi maikolofoni, ndipo inu mumavomera zonse chifukwa WhatsApp weniweni amafunanso zomwezo. Kuwonjezera apo, eni WhatsApp amatseka manambala ogwiritsa ntchito makope amenewa. Ngati pakhomo panu pali foni ya GB WhatsApp imene imasunganso ndalama, ichotseni lero, musadikire kumapeto kwa kabuku.

Njira yachiwiri ndi ngongole za pa foni. Pakati pa mwezi zinthu zikathina, uthenga woti mulandira ndalama m'mphindi zisanu popanda chikole umakoma m'makutu. Ena mwa mapulogalamu a ngongolezi amakopera manambala onse ndi zithunzi zanu musanalandire n'komwe ndalamayo. Mukachedwa tsiku limodzi amayamba kuimbira apongozi, abusa ndi abwana anu, kukuchititsani manyazi. Imeneyi ndi kaloba yovala suti. Kuyambira pa 31 Meyi 2023 Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a mu Play Store kupempha manambala ndi zithunzi za anthu. Ndiye pulogalamu ya ngongole ikakupemphani zimenezi, makamaka imene mwaitenga pa linki ya pa WhatsApp kapena Facebook, dziwani kuti mwakumana ndi chilombo. Obwereketsa ndalama ovomerezeka amakhala ndi chiphaso, ndipo Bank of Zambia imasindikiza mndandanda wa mabungwe amene inawapatsa chiphaso.

Malinki nawo sasowa: bandulo yaulere, ntchito ku migodi, thandizo la boma, kalata ya ukwati imene muyenera kuitsegula kuti muone tsiku. Kalata yeniyeni imakhala chithunzi kapena PDF, ndipo singakuuzeni kudina Install.

Pali njira ina imene mwini foni alibe nayo mlandu. Mu Ogasiti 2020 gulu la Secure-D, la kampani ya Upstream, linalengeza kuti mafoni pafupifupi 53,000 a Tecno W2 anagulitsidwa ali kale ndi Triada mkati, m'maiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Triada inkaitana kachilombo kena, xHelper, kamene kankabwerera ngakhale foni itafufutidwa yonse. Anthu ankangoona tokitaimu ndi bandulo zikutha. Kampani ya Transsion, imene imapanga Tecno, inati vutoli linachokera kwa wina amene ankaiperekera zipangizo ndipo inatulutsa chokonzera. Foni imeneyo ndi yakale tsopano, koma vuto lofanana nalo lili m'timabokosi totchipa ta Android tolumikiza ku TV, timene timalonjeza matchanelo onse a mpira kwaulere. Popeza Android ndi yotseguka, fakitale iliyonse ingathe kuitenga n'kuiika m'kabokosi popanda kuyesedwa ndi Google. Mu 2023 akatswiri anatulukira tizilombo totchedwa Badbox m'zipangizo zotere, ndipo mu Juni 2025 bungwe la FBI ku America linachenjeza anthu za izo. Kabokosi kotere kamagulitsa intaneti yanu kwa anthu osawadziwa. Ngati muli nako, musalowetsemo akaunti yanu ya Google, ndipo muzikazimitsa pakhoma mukatha kuonera.

Musaganize kuti ochita izi ndi tianyamata tosewera. Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi anagwira anthu 77 pa kampani ina ku Roma, muno mu Lusaka, ndipo anapezapo masimu khadi oposa 13,000. Kampaniyo inkalemba achinyamata ntchito yonyenga anthu pa WhatsApp ndi Telegram. Mu Juni chaka chomwecho khoti linatumiza kundende nzika 22 za ku China pa mlanduwu.

Zizindikiro

Foni yodwala imatentha ili chikhalire m'thumba. Batire imene inkafika madzulo imatha masana. Bandulo ya sabata imatha masiku awiri, tokitaimu imachepa musanaimbe. Zotsatsa malonda zimatulukira pa sikirini ngakhale simunatsegule kalikonse. Mumaona pulogalamu imene simukumbukira kuti munaiika, kapena abale amakufunsani za linki imene simunawatumizire.

Koma tisanamizire vairasi chilichonse. Batire ya zaka zitatu imafooka yokha, foni yodzaza mavidiyo a m'magulu a WhatsApp imachedwa, ndipo TikTok ndi Facebook zimadya bandulo popanda thandizo la kachilombo. Kuti mudziwe zoona, lowani mu Settings, pezani pamene palembedwa Data usage, muone pulogalamu imene yadya kwambiri. Chitaninso chimodzimodzi pa Battery. Mukapeza dzina lachilendo pamwamba pa mndandanda, kapena pulogalamu yopanda dzina ndi chithunzi, mwaigwira. Ngati vuto ndi la tokitaimu yokha, pitani ku sevisi senta ya netiweki yanu, kaya ndi Airtel, MTN kapena Zamtel, muwapemphe akuonetseni zinthu zolipira zimene nambala yanu inalembetsedwa, azichotse inu mukuona.

Ntchito ya madzulo amodzi

Khalani pansi ndi foni iliyonse ya pakhomo, batire ili yodzaza. Ngati Chingerezi cha m'foni chimakuvutani, itanani mwana wamkulu awerenge, koma odina mukhale inuyo kuti mudziwe njira. Mayina a malo amasiyanako pakati pa Tecno ndi Samsung, choncho gwiritsani ntchito kagalasi kofufuzira kamene kali pamwamba mu Settings, mulembemo mawu amene atchulidwa pano.

Yambani ndi Play Store. Dinani chithunzi chanu pakona yakumanja, sankhani Play Protect, kenako Scan. Ameneyu ndi mlonda amene Google inaika m'mafoni kuyambira 2017, ndipo amayang'ana ngakhale mapulogalamu amene munalandira pa Xender. Ngati ali wozimitsa, muyatseni. Pulogalamu ikakuuzani kuti muzimitse Play Protect kuti ilowe bwino, yadziulula yokha. Mukadali mu Play Store momwemo, lowani mu Settings, kenako About, muone pansi pamene palembedwa Play Protect certification. Foni yoyesedwa imati Device is certified. Muzionanso pamenepa musanapereke ndalama pogula foni, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito ya mu Katondo Street kapena ku City Market.

Kenako fufuzani mawu akuti Install unknown apps. Mudzaona mndandanda wa mapulogalamu monga Chrome, WhatsApp, Xender ndi File Manager. Onse akhale pa Not allowed. Ndi kusintha kumodzi kumeneku mwatseka njira yaikulu, chifukwa mwana akadina fayilo ya .apk foni idzayamba yakana.

Tsopano fufuzani Accessibility. Apa khalanipo nthawi. Gawo limeneli linapangidwira anthu osaona bwino ndi olumala manja, kuti pulogalamu iziwawerengera zimene zili pa sikirini ndi kuwadinira mabatani. Kachilombo kakapatsidwa mphamvu imeneyi kamaona chilichonse chimene mukulemba, pini ya Airtel Money kapena ya MoMo, ndipo kangathe kudina Allow kokha pa zopempha zake zina. Pulogalamu ya tochi, ya magemu, ya mpira kapena ya ngongole ilibe chifukwa chokhalira pamenepa. Mukaipeza, izimitseni. Chitani zomwezo pa Device admin apps, pamene payenera kukhala chofufuzira foni yotayika cha Google, mwinanso pulogalamu ya kampani ngati munatenga foniyo pa ngongole yolipira pang'onopang'ono. Onaninso Notification access, chifukwa wowerenga zidziwitso amawerenganso manambala achinsinsi amene banki imatumiza.

Pa Permission manager tsegulani SMS, Contacts, Microphone ndi Location, chimodzichimodzi. Pa dzina lililonse dzifunseni ngati ntchito yake ikufunadi chimenecho. Chowerengera masamu sichifuna manambala a abale anu.

Chotsani mapulogalamu onse amene simugwiritsa ntchito. Ina ikakana kuchoka, yambani mwailanda mphamvu pa Device admin apps. Ikakanabe, lowetsani foni mu Safe mode: pa mafoni ambiri mumagwira batani lozimitsira, kenako n'kukanikiza mawu akuti Power off osachotsa chala mpaka itafunsa. Mu Safe mode mapulogalamu onse obwera amagona, ndipo mungathe kuwachotsa mosavuta. Mukazimitsa ndi kuyatsanso, foni imabwerera mwakale.

Chomaliza ndi apudeti. Ambiri timaikana chifukwa imadya bandulo, koma apudeti ndiyo imatseka zibowo zimene zatulukiridwa. Gulani bandulo ya usiku kamodzi pamwezi kapena pitani kumene kuli Wi-Fi yodalirika. Pa About phone mudzaona deti la Android security update. Ngati detilo lapitirira zaka ziwiri kapena zitatu ndipo foni ikuti palibe chatsopano, opanga anaisiya. Ingathe kugwirabe ntchito ya nyimbo ndi kuimba, koma si yosungiramo ndalama za gulu.

Zonsezi zikalephera, chatsala ndi kufufuta foni yonse pa Reset options. Musanatero, sungani zithunzi ndi manambala, ndipo onetsetsani kuti mukukumbukira imelo ndi pasiwedi ya akaunti yanu ya Google, chifukwa foni idzazifunsa ikadzuka. Anthu ambiri akaunti anawatsegulira ndi wogulitsa foni, ndipo sadziwa pasiwedi yake. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, isintheni kapena tsegulani yanuyanu, muilembe m'kabuku kamene kamakhala pamodzi ndi NRC ndi makhadi a ku kiliniki. Mukabwezeretsa zinthu, bwezani zithunzi ndi nyimbo zokha, mafayilo a .apk atsale.

Nanga antivairasi?

Funsoli limabwera nthawi zonse. Pa foni yoyesedwa, imene Play Protect ikugwira ntchito ndipo mapulogalamu amachokera mu Play Store mokha, banja wamba silifunika kugula antivairasi. Play Store nayo nthawi zina imalowedwa ndi mapulogalamu oipa, koma amachotsedwa akadziwika, pamene fayilo ya pa Xender palibe woiletsa kufalikira. Amene akufunabe mlonda wachiwiri asankhe mmodzi wa dzina lodziwika, monga Bitdefender, ESET kapena Malwarebytes, kuchokera mu Play Store. Dziwani kuti antivairasi ya pa Android nayo ili ndi malire ngati pulogalamu ina iliyonse: imatha kukuchenjezani, koma singachotse kachilombo kamene kanabwera ndi foni kuchokera ku fakitale.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musakhulupirire uthenga wofiira umene umatulukira mukamawerenga pa intaneti, wonena kuti foni yanu ili ndi mavairasi ndipo mudine apa msanga. Tsamba la pa intaneti silingathe kuyeza foni yanu. Tsekani tsambalo basi. Mapulogalamu ambiri otchedwa Cleaner kapena Booster ntchito yawo ndi kukuonetsani zotsatsa malonda, ndipo ena ndiwo kachilomboko.

Foni ikachoka m'manja mwanu

Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuthima pafupifupi tsiku lonse, tinazolowera kusiya mafoni ku kantemba kapena kwa aneba a sola. Foni yosakhoma ikakhala mphindi zisanu m'manja mwa munthu, angathe kuikamo pulogalamu yozonda kapena kulumikiza WhatsApp yanu ku kompyuta yake. Ikani pini yokhomera sikirini ya manambala 6, yosiyana ndi pini ya ndalama, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa. Posiya foni pa chaja, izimitseni. Mu WhatsApp yang'anani Linked devices ndi kuchotsa chilichonse chimene simukuchidziwa, ndiponso yatsani Two-step verification.

Popita nayo kwa okonza, chotsani simu khadi ndi memore khadi. Wosintha sikirini kapena pobayira chaja safunika pini yanu. Akafuna kuyesa, mutsegule nokha muli pomwepo. Kufulasha foni ndi nkhani ina, chifukwa wofulashayo amaika Android yonse yatsopano, ndipo ngati anaitenga pa tsamba losadziwika, chilichonse chimene chinali mmenemo chalowa mpaka mkatikati. Mufunseni kumene waitenga, ndipo ikabwera onaninso ngati ikunenabe kuti Device is certified.

Kwa msungichuma wa chilimba kapena wa banki ya m'mudzi, ndi kwa amayi ogulitsa pamsika amene ndalama ya oda imagona m'foni, langizo langa ndi ili: simu khadi ya ndalama ikhale m'kafoni kamabatani, ndipo foni yaikulu ikhale ya WhatsApp ndi ana. Kafoni kamabatani sikalandira mafayilo a .apk. Sikangakutetezeni kwa woimba foni wonamizira kuti ndi wa ku kampani, kapena ku uthenga uja woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Pamenepo lamulo ndi limodzi: pini siuzidwa munthu, kaya wa pa buthi, wa ku kampani, kapena wodzitcha wapolisi.

Pali nkhani ina yovuta kuikamba. Mapulogalamu ozonda nthawi zina amaikidwa ndi mwamuna kapena mkazi wa m'nyumba momwemo. Ngati mwapeza chotere ndipo mukuopa kuti kuchichotsa kubweretsa nkhanza, musafulumire. Kambani kaye ndi a Victim Support Unit ku polisi ya kwanuko pogwiritsa ntchito foni ina.

Laputopu ya Linux, fulashi ndi rauta

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kupereka apudeti yaulere ya nthawi zonse ya Windows 10, ndipo malaputopu ambiri akale amene amagulitsidwa m'tauni sakwanitsa Windows 11. Njira imene ambiri amatsata ndi kuikamo Windows yobedwa pamodzi ndi kapulogalamu kothyolera laisensi, kamene kamafuna kuti muzimitse antivairasi kuti kalowe. Pali njira yabwinopo. Ubuntu, imene inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndiponso Linux Mint, ndi zaulere mwalamulo. Zimayenda bwino pa makina akale ndipo zimakhala ndi LibreOffice yolembera makalata ndi Firefox yolowera pa intaneti. Sankhani mtundu wolembedwa LTS, monga Ubuntu 24.04, umene umalandira apudeti kwa zaka 5. Musanasinthe, funsani ngati pulogalamu imene mwana amafuna kusukulu kapena pulinta yanu idzagwira ntchito.

Tizilombo ta makompyuta a pakhomo a Linux ndi tochepa, pa zifukwa zomveka. Mapulogalamu amatengedwa ku nkhokwe imodzi yoyang'aniridwa, kudzera mu Software Manager kapena App Center. Kusintha kulikonse kwakukulu kumafuna pasiwedi ya mwini. Ndiponso akuba amathamangira kumene kuli anthu ambiri, ku Windows ndi ku Android. Kuti zikhalebe choncho, tengani mapulogalamu m'nkhokwemo mokha, vomerani apudeti, ndipo ana muwatsegulire akaunti yawo yopanda mphamvu ya woyang'anira. Auzeni kuti asamakopere malamulo oyamba ndi mawu akuti sudo kuchokera pa YouTube kapena masamba ena osamvetsa chimene akuchita, pakuti lamulo lotere limapereka mphamvu zonse. Tsamba labodza la banki limaba pasiwedi pa Linux mofanana ndi pa Windows.

Amene amasindikiza makalata kapena kuikira anthu nyimbo amaidziwa vairasi ya shotikati. Mumabaya fulashi mu kompyuta ya pa kafe, pofika kunyumba mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, ndipo mwana akulira kuti asainimenti yapita. Musafomate. Mafayilo alipo, anangobisidwa. Bayani fulashiyo mu kompyuta ya Linux, imene siyendetsa tizilombo ta Windows. Mudzaona mafoda anu enieni, nthawi zina atasonkhanitsidwa mu foda yopanda dzina. Koperani makalata ndi zithunzi zanu, siyani mafayilo othera ndi .lnk, .vbs ndi .exe amene simukuwadziwa, kenako fomatani fulashiyo ndi kubwezamo zanu. Kumbukirani kuti Linux ingathe kunyamula kachilombo osadwala nako n'kukapatsira kompyuta ya Windows ya kasitomala. Apa ndi pamene ClamAV, antivairasi yaulere yotseguka, imathandiza pa bizinesi: imayeza fulashi ya kasitomala musanaibweze.

Zinthu zofunika zisakhale malo amodzi. Mu Meyi 2022 gulu la Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia ndi kachilombo kokhoma mafayilo n'kufuna dipo. Bankiyo inakana kulipira ndipo inabwezeretsa ntchito zake. Pakhomo, chimene chingakupulumutseni tsiku lotero ndi kope lachiwiri: zithunzi za masatifiketi, za mapepala a nyumba ndi kaundula wa chilimba zikhale pa fulashi imene imagona m'sutikesi, yosapita ku kafe.

Rauta kapena MiFi ya pakhomo nayonso nthawi zambiri imayendera Linux. Mu 2016 kachilombo ka Mirai kanagwira marauta ndi makamera ochuluka zedi padziko lonse pongoyesa mapasiwedi a ku fakitale monga admin ndi 12345. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri, ya Wi-Fi ndi yolowera mkati mosinthira zinthu. Adiresi yolowera imalembedwa pa kapepala kunsi kwake kapena pansi pa batire. Sinthani onse awiri.

Ndalama zikapita

Changu ndicho chofunika. Zimitsani data ndi Wi-Fi pa foni yokayikitsayo. Chotsani simu khadi, muiike m'foni ina yabwino, musinthe pini ya ndalama pomwepo. Imbirani kampani ya netiweki kapena banki yanu pa nambala imene ili pa khadi kapena pa zikwangwani zawo, osati imene yabwera mu uthenga, muwapemphe aimitse ndalamazo ngati wakubayo sanazitape. Simu khadi yanu ikangosiya kugwira netiweki mwadzidzidzi pamene za ena m'nyumba zikugwira, thamangani ku sevisi senta ndi NRC tsiku lomwelo, chifukwa mwina wina waitulutsanso m'dzina lanu.

Musafufute mauthenga chifukwa cha manyazi kapena mkwiyo, ndiwo umboni wanu. Lembani pa pepala nambala imene yalandira ndalama, dzina limene linaoneka, nambala ya thiranzakishoni, deti ndi nthawi. Nambala ya wonyengayo ineneni ku ZICTA poimba *707#, ndipo kaperekeni lipoti ku polisi. Kulowa m'foni ya munthu popanda chilolezo ndi kufalitsa mapulogalamu oipa ndi milandu pansi pa lamulo la Cyber Crimes Act la 2025, limene pamodzi ndi Cyber Security Act linalowa m'malo mwa lamulo la 2021. Pa polisi funsani nambala ya lipoti lanu, chifukwa kampani kapena banki ingaifune potsatira nkhaniyo.

Mukatero, uzani a m'magulu anu a WhatsApp, a kutchalitchi ndi a chilimba kuti asatsegule linki iliyonse yochokera pa nambala yanu ndipo asatumize ndalama mpaka mutawaimbira ndi mawu anu. Foni yodwalayo muifufute pokhapokha apolisi ndi kampani atatha kuona zimene akufuna, ndipo pasiwedi ya Google ndi ya Facebook muzisinthire pa foni ina.